Zimene Darwin ankalembera alongo ake ali ku Edinburgh

Mu Okutobala 1825, Charles Darwin, ali ndi zaka 16, anafika ku Edinburgh pamodzi ndi mkulu wake Erasmus kudzaphunzira udokotala, ntchito ya bambo awo a Robert Darwin a ku Shrewsbury. Kaundula wa yunivesite amangosonyeza maphunziro amene analembetsa, ndipo mu 1827 anachoka wopanda digiri. Woona zokhazo anganene kuti mnyamatayu anangotaya ndalama za makolo. Koma umboni wa zimene ankaphunziradi uli m'makalata opita kwa alongo ake, Caroline ndi Susan, amene anamulera mayi awo atamwalira mu 1817. Kwa Caroline anadandaula za kutopetsa kwa maphunziro a mankhwala a Dr Duncan. Kwa Susan, mu Januwale 1826, ananena zoti ayamba kuphunzira kukonza mbalame zakufa kuti zisawole, ola limodzi tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, pamtengo wa guinea imodzi. Mphunzitsiyo anali John Edmonstone, munthu wakuda amene kale anali kapolo ku Demerara, m'dziko la Guyana. Sanali pulofesa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ngakhale m'kalatayo dzina lake mulibe, komabe luso lake ndilo Darwin ananyamula pa sitima ya Beagle mu 1831.

Ena angatsutse kuti kalata ya mwana wasukulu ndi mboni yokayikitsa, poti mwana amalemba zokomera akwawo n'kubisa zina. Mfundoyi ndi yomveka. Nkhani yoti anathawa m'chipinda cha opaleshoni, mwana akung'ambidwa popanda mankhwala ogonetsa, timaimva bwino m'mbiri ya moyo wake imene analemba atakalamba, mu 1876. Koma kubisako n'komwe kukutionetsa mmene banjalo linkayendera. Zovuta kuuza bambo zinkadzera mwa alongo, ndipo bambo ake atazindikira kuti udokotala sakuufuna, anasintha maganizo n'kumutumiza ku Christ's College, Cambridge, kuti akakhale mbusa. Tisaiwalenso za mtengo. Isanafike 1840, ku Britain wolandira kalata ndiye kawirikawiri ankalipira, potengera mtunda ndi chiwerengero cha mapepala. Pepala lililonse lochoka ku Edinburgh linkadya ndalama ku Shrewsbury, choncho mnyamata akapatula mizere yolemba za mbalame ndi mphunzitsi wake wakuda, ndiye kuti zimenezo zinali zitamulowa mumtima.