Mamangidwe a Nyumba ku Lundazi

Ana inu pamodzi ndi aphunzitsi anu, lero tikambirana za nyumba za m'boma la Lundazi, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia. Nyumba siyankhula, koma munthu woyang'anitsitsa angathe kudziwa zimene omanga ake anali nazo, zimene ankafuna, ndi zimene ankaopa.

Tiyambe ndi nyumba ya makolo athu, Atumbuka, Achewa ndi Angoni a m'dera lino. Inali yozungulira. Amuna ankazika nsichi, nazimanga ndi mbariro ndi luzi. Kenaka ankasanja phaso ndi kufolera udzu. Kumata zipupa ndi kuzira pansi inali makamaka ntchito ya akazi. Denga linkatsika ndithu kufikira pakhonde, kuti mvula isakokolole dothi la chipupa. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, udzu unkasunga nyumba yozizira bwino. Taonaninso nkhokwe. Imakhala pamwamba pa miyala kapena mafoloko a mitengo kuti chinyezi ndi chiswe zisafike msanga pa chimanga. Zonsezi anazipeza m'tchire ndi kudambo, osagula ndi ndalama.

Tsono kunadza nthawi ya nkhondo. M'chaka cha 1835 Angoni, motsogozedwa ndi Zwangendaba, anaoloka mtsinje wa Zambezi, ndipo m'zaka zotsatira magulu ao ankathira nkhondo midzi yambiri ya dera lino. Kunalinso ogula akapolo ndi minyanga ya njovu. Chifukwa cha mantha, anthu anayamba kuzinga midzi yao ndi mipanda yolimba ya mitengo, yokhala ndi chipata chopapatiza chimene ankatseka usiku. Mpanda wotere ndiwo linga. Angoni nao ankamanga nyumba zao mozungulira khola la ng'ombe, pakuti ng'ombe ndizo zinali chuma chao.

Atafika amishoni ndi boma la atsamunda, kunabwera mamangidwe ena: nyumba za ngodya zinayi, za njerwa zoumba m'chikombole ndi kuotcha pa uvuni, zokhala ndi mazenera ndi zipinda. Machalichi, sukulu, zipatala ndi maofesi a paboma anamangidwa motero, ndipo anthu a kuno anaphunzira umisiri wa njerwa ndi ukalipentala. Pambuyo pake malata ndi simenti zinafalikira mpaka kumidzi.

Koma nyumba yodabwitsa koposa pa Lundazi ndi ija imatchedwa Lundazi Castle Hotel, yoyang'anana ndi damu. Anaimangitsa ndi Bwana D.C. Errol Button, patangopita zaka zochepa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, kuti ikhale nyumba yogonamo alendo. Ndi ya njerwa, ili ndi nsanja zozungulira, ndipo pamwamba pa zipupa zake pali mipata yoonekera ngati mano a munthu wagweluka.

Kodi mamangidwe amenewa anachokera kuti? M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa dziko la Mangalande. Poopa kuti eni dziko angamuukire, iye ndi nduna zake anamanga malinga, oyamba a mitengo ndi dothi, otsatira a miyala. Pansanja pankaima alonda kuti aone adani akali patali, ndipo pa mipata ija asilikali ankaponyerapo mivi atabisala kuseri kwa chipupa. Bwana Button anatsanzira malinga amenewo, ngakhale kuti pa Lundazi panalibe nkhondo iliyonse m'masiku akewo. Nsanja zake zinali zokongoletsa chabe.

Apa mpofunika kulingalira bwino. Linga la alendo, limene silinaonepo nkhondo, lilipobe chifukwa ndi la njerwa zootcha. Malinga a makolo athu, amene anapulumutsadi miyoyo ya anthu, anatha ndi chiswe, moto ndi mvula chifukwa anali a mitengo. Mwana wosafunsa angaganize kuti mbiri ya mamangidwe ku Lundazi inayamba ndi njerwa, pamene inayamba kalekale. Masiku ano amisiri odziwa kufolera bwino ndi kuluka nkhokwe akunka nachepa, ndipo nzeru zimene sizinalembedwe zimapita ndi mwini wake kumanda. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tiwafunse akali moyo.

Ntchito yanu sabata ino nayi. Aphunzitsi, tengani ana anu muzungulire nao mudzi wapafupi. Ana inu, jambulani nyumba zitatu zosiyana, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse mulembe zipangizo zimene anamangira ndi chifukwa chake anaimanga motero. Funsaninso agogo anu ngati akudziwa malo pamene panali linga, ndi dzina la mfumu ya mudziwo. Zimene akuuzeni muzilembe m'kope, ndipo mudzaziwerengere anzanu m'kalasi.