Chikole ndi Basela pa Malonda a Masewera

Kale ku England, pamene kusindikiza buku kunali ntchito yodya chuma chambiri ndipo mlembi analibe pogwira, anthu okonda kuwerenga ankapereka ndalama buku lisanaoneke, ndipo mlembiyo powathokoza ankaika maina awo pa masamba oyamba kuti mibadwo idzawakumbukire. Umu ndimo Alexander Pope anatulutsira Iliad ya Homer m'Chingerezi, m'mabuku 6, kuyambira 1715 kufikira 1720. Akuluakulu akadati uku n'kugula mbereko mwana asanabadwe, koma pano mwanayo akadafera m'mimba pakadapanda ogula mberekowo.

Mwambowu unadzalowa m'masewera a patebulo, ndipo kampani ya GMT Games, ya ku Hanford m'dera la California, inauyendetsa mwaulemu pansi pa dzina la P500. Anthu amalonjeza kugula, malonjezo akakwana 500 ntchito imayamba, ndalama zimatengedwa pokhapo nthawi yotulutsa masewerawo yayandikira, ndipo olonjezawo amagula pa mtengo wotsika. Twilight Struggle, imene inatuluka mu 2005 n'kutchuka dziko lonse, inadzera njira yomweyi. Pamenepo wogula ndi wopanga anali ngati anansi olimitsana munda, aliyense akudziwa chimene mnzake wasenza.

Tsono tiyenera kukumbukira chimene basela ali. Mayi wogulitsa mtedza pa msika amayamba wadzaza mbale mpaka pakamwa, ndiyeno, atayang'ana nkhope ya kasitomala wake wa masiku onse, amatapa kadzanja kena n'kuthira pamwamba, osachotsa kanthu m'mbale ya mlendo amene akudza pambuyo. Koma pamene makampani akuluakulu a masewera a pakompyuta, amene sanali osowa mpamba, anatola mwambo wolipiratuwu, anayamba kupungula m'mbale momwemo: chida china, chovala china, ngakhale gawo la nkhani, ankazipatula kuti zikhale za olipiratu okha, mwinanso basela wa ku GameStop n'kusiyana ndi wa m'sitolo ina, kotero kuti munthu wokhulupirika, amene wagula chaka ndi chaka, sakadatha kupeza zonse ngakhale atafuna. Ine ndimauona uwu kukhala muyeso wonyenga, pakuti umalanga munthu chifukwa chodekha, makamaka lero pamene masewera ogulidwa pa intaneti satha m'sitolo ngati mchere.

Ogula sanangokhala duu. Mu 2015 kampani ya Square Enix inalengeza kuti olipiratu Deus Ex: Mankind Divided akachuluka mphatso zidzanka ziwonjezereka, kufikira pa kutulutsa masewerawo masiku 4 nthawi isanakwane, anthu anadandaula kwambiri poona kuti akusandutsidwa oitanira malonda, ndipo patangopita mwezi umodzi chikonzerocho chinathetsedwa.

Komabe njala ya chatsopano ndi yaikulu. Pofika pa 10 December 2020, tsiku limene CD Projekt ya ku Poland inatulutsa Cyberpunk 2077, makope 8 miliyoni anali atagulidwa kale, pamene oyesa masewera anali asanapatsidwe aja a pa PlayStation 4 ndi Xbox One kuti achenjeze anthu. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti pa makina amenewo masewerawo ankangoima ndi kuzima. Patapita sabata imodzi kampani ya Sony, mwini wa PlayStation, inawachotsa m'sitolo yake n'kulonjeza kubweza ndalama kwa ogula, ndipo sanabwereremonso kufikira mu June 2021.