Mitengo ya m'misewu ya Lusaka: inacokera kuti, ndipo ndi ya ndani?

Mwezi wa Seputembala ukafika, misewu ya ku Ridgeway ndi Rhodes Park imasanduka yofiirira ndi maluwa a jakaranda. Ambiri a ife timaganiza kuti mitengo imeneyi inamera yokha. Ai ndithu. Jakaranda kwawo ndi ku South America, ndipo inabzalidwa mwadala ndi boma.

M'caka ca 1931 boma la atsamunda la Northern Rhodesia linasankha Lusaka kukhala likulu latsopano m'malo mwa Livingstone. Pulofesa Stanley Adshead wa ku London ndiye anajambula pulani yoyamba, potsatira maganizo a Ebenezer Howard a mzinda wokhala ngati dimba: misewu ikuluikulu, mabwalo audzu ndi mizere ya mitengo. Likulu linasamuka mu 1935, ndipo dzina loti Garden City linayamba kumveka.

Koma dimba limeneli silinali la aliyense. Mthunzi unapita kumene kunali kukhala Azungu ndi maofesi a boma. Makolo athu anali kuonedwa ngati anchito ongodutsa, oti akakalamba adzabwerera kumudzi, motero makomboni awo sanapatsidwe cisamaliro cofanana. Pamene anthu anaculuka pambuyo pa ufulu wa 1964, Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga anakula popanda malo osiyidwira mapaki. Mitengo imene tili nayo kumeneko, mango, mapeyala ndi magwafa, inabzalidwa ndi agogo athu pakhomo pawo, osati ndi khonsolo.

Lamulo lokha silinasowe. Lamulo la maboma aang'ono la 1991 linapatsa makhonsolo udindo wobzala, kusadzira ndi kucotsa mitengo m'misewu ndi m'malo ena a anthu onse, komanso mphamvu yoletsa munthu kuiononga. Tanthauzo lake n'lakuti mtengo wa m'mbali mwa msewu si wa mwini nyumba yoyandikana nawo, ngakhale masamba ake agwere pabwalo pake. Wofuna kuudula ayenera kupempha cilolezo kukhonsolo.

Cimene mbiri itionetsa n'cakuti mitengo imapulumuka pamene anthu aikhalira maso. Nkhalango ya Lusaka East, yochedwa Forest 27, kumene kumacokera mtsinje wa Chalimbana, inacotsedwa citetezo mu 1983. Anthu a m'mbali mwa mtsinjewo anadandaula kuboma, ndipo mu 1996 inatetezedwanso. Zaka zaposacedwapa mbali zina zinagawidwanso mapuloti, mkangano n'kubukanso. Ku Kabwe, mkuyu waukulu wa pakati pa tauni ukalipo cifukwa unaikidwa m'gulu la zipilala za dziko.

Caka ciliconse pa 15 Disembala timatsegulira nyengo yobzala mitengo, akuluakulu n'kujambulidwa atagwira mbande. Kubzala n'kosavuta. Covuta ndi kuthirira mu Okutobala, kuchinga mbuzi, ndi kufunsa pamene msewu ukukuzidwa kuti mitengo yodulidwa idzabwezedwa liti komanso ndani adzaisamale. Mafunso amenewa malo ake ndi kwa khansala wa wodi yathu, popeza udindowo lamulo linaupereka kukhonsolo.

Amene anabzala jakaranda zaka 90 zapitazo anasankha amene ayenera kukhala pamthunzi. Tsopano khonsolo ndi yathu, ndipo tili ndi ufulu wofunsa kuti mizere ya mitengo idzafika liti ku Kanyama ndi ku Chawama.