Njira zitatu zoonera ma demo a makompyuta akale

Demo ndi pulogalamu yaing'ono imene imapanga yokha zithunzi zoyenda ndi nyimbo pamene yatsegulidwa. Lusoli linayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980 pa makompyuta monga Commodore 64 ndi Amiga.

Njira yoyamba ndi kuonera pa kompyuta yakaleyo, ngakhale makinawa akusowa chifukwa cha kukalamba. Yachiwiri ndi emulator, pulogalamu yochititsa kompyuta yamakono kugwira ntchito ngati yakale: VICE imatsanzira Commodore 64, pomwe WinUAE imatsanzira Amiga. Ma demo ambiri amapezeka ulere pa Pouet.net. Yachitatu, yotheka ngakhale pa foni ku Kasakula, ndi YouTube, koma kanema amadya bandulo kuposa demo yeniyeniyo.

Mu 2020, dziko la Finland linaika lusoli pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa.