Za Mandala Omangidwa pa Mfuti ya Gogodera

Akulu ambiri a m'midzi mwathu akumbukira mfuti ya gogodera, ija idadza m'dziko muno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo ocokera ku nyanja ya mcere. Mwini wace akathira wonga kukamwa kwace, natsatiza cipolopolo, nagogodera ndi ndodo, anayenera kukwawa m'udzu kufikira atamva kupuma kwa njobvu. Pakuti akaombera patali, cipolopolo cinkapita kumene cafuna cokha. Tsono munthu akamva kuti kunali ena amene anamanga mandala oonera kutali pamsana pa mfuti yothira wonga kukamwa, napha nayo munthu woima mtunda woposa theka la mailo, angathe kuyesa nthano. Si nthano ai. Koma nchito yolumikiza zinthu ziwirizi, galasi ndi mfuti, inatha zaka zambiri, ndipo inatupitsa maso a anthu ambiri isanatheke.

Mandala oonera kutali anadziwika coyamba ku Holland m'caka ca 1608, ndipo anthu analikupenya nao ngalawa ndi nyenyezi. Anali a kupenya cabe. Munalibe cizindikiro m'kati mwace cakuti munthu alozere naco. Cizindikiroco anacipeza William Gascoigne, Mngelezi wophunzira za nyenyezi, ca m'ma 1640. Kangaude analowa m'mandala ace nayalamo ulusi, ndipo iye poyang'ana anaona ulusiwo ndi cinthu cakutali zilikuoneka bwino pamodzi. Mwini wace anati ndiye Mulungu anatsogolera kangaudeyo. Pamenepa ndipo panacokera timizere tiwiri topingasana timene tikhala m'mandala a mfuti. Gascoigne sanaona zimenezo, popeza anafa ku nkhondo ya pa Marston Moor m'caka ca 1644.

Mandala akadamangidwa pa gogodera wa makolo athu, sakadapindula kanthu. M'kati mwa mfuti ija munali mosalala, ndipo cipolopolo cinaturuka cilikugubuduka mosalongosoka. Kuona nyama bwino sikukadaciongola. Galasi liyenera mfuti yosemedwa mizere yopota m'kati mwace, imene izunguza cipolopolo monga nguli kuti ciyende njira imodzimodzi nthawi zonse. Mfuti zotere, zothira wonga kukamwa momwemo, zinacuruka mwa alenje a ku Germany ndi a ku America, ndipo kuyesa kumene tinena tsopano kunacitika pa mfuti ya mtunduwu.

M'mwezi wa Januwale 1776, pamene anthu a ku America analikumenyana ndi Angelezi, mmisiri wolemba zithunzi dzina lace Charles Willson Peale, wa ku Philadelphia, anapita kwa David Rittenhouse, katswiri wa mawoci ndi mandala, kuti amthandize kumanga galasi pa mfuti yace. Analimanga ndithu. Koma taganizani, inu amene munaomberapo gogodera, umo ikankhira phewa. Mandala a masiku aja anafuna kuti diso likhale pafupi ndithu ndi galasi, ndipo pakuomba, mfuti ndi mandala omwe zinabwerera m'mbuyo pamodzi kunka ku diso. Buku la Peale lolembamo za tsiku ndi tsiku lionetsa kuti m'mwezi wotsatira analikusula kacitsulo konyutuka kakuti kacinjirize diso lace. Panalinso bvuto lina. Mfuti za masiku aja zinayaka ndi mwala wogwesa moto m'kambale ka wonga ka pambali, ndipo lawi ndi utsi zinabuka pamalo pomwepo podutsa mandala. Nzeru ya Peale siinafalikira.

Cimene cinatsegula njira cinacokera kwa mbusa wa mpingo, Alexander Forsyth wa ku Belhelvie m'dziko la Scotland. Iye anakonda kusaka mbalame za m'madzi, ndipo zinkamthawa poona lawi la m'kambale cipolopolo cisanaturuke. M'caka ca 1807 analembetsa ku boma njira yace yoyatsa wonga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa ndi kanyundo. Ena anaonjeza pa nzeru yace napanga kacipewa kamkuwa kaja ena akacha fataki. Lawi la pambali linacepa, ndipo mfuti inayamba kulira msanga munthu asanagwedezeke.

Pakati pa 1835 ndi 1840, John Chapman, Mngelezi wokhala ku America, ndi Morgan James, wosula mfuti wa ku Utica m'dera la New York, anapanga mandala oyenera mfuti. Ndipo m'caka ca 1855 William Malcolm wa ku Syracuse anayamba kupanga ace ogulitsa. Maonekedwe ace akadakudabwitsani. Anali kampope kaonde monga bango, kotalika ngati citsulo conse ca mfuti. Amisiriwo anasema timipata tiwiri pamsana pa citsuloco, kena kufupi ndi kukamwa, kena kufupi ndi kanyundo, nalowetsamo zogwirira mothina. Anapenyetsetsa kuti kanyundo pogwa kasagunde bangolo, ndi kuti kukamwa kutsale poyera pothira wonga ndi pogogodera.

Koma luso leni leni linali pa cogwirira ca kumbuyo. Cipolopolo siciyenda moongoka monga lipenyera diso. Cicokera kukamwa cayamba kale kugwa, ndipo ca wonga wakuda, popeza ciyenda pang'ono, cigwa kwambiri. Munthu wofuna kulasa cinthu ca pa mayadi 800 ayenera kuloza mfuti pamwamba pace ndithu, monga mnyamata woponya mwala kutsidya la mtsinje auponya m'mwamba. Cifukwa cace anaika kacitsulo kopota pansi pa mandala kumbuyo. Ukakapota, mbuyo ya mandala ikwera. Ndipo kuti uonenso cinthu cija pa timizere topingasana, uyenera kutukula kukamwa kwa mfuti. Cotero diso lipenya moongoka, mfuti niloza m'mwamba. Woombera anayesa mtunda uli wonse payekha, naloweza mapotedwe ace. Cogwirira cikagwedera pang'ono pokha, ngakhale muyeso wa tsitsi limodzi, kutali kuja cipolopolo cinaphonya ndi mainci angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nchito iyi siinali ya munthu waphuma.

Za kukankha kuja, amisiri a ku America anakugonjetsa ndi kulemera. Anasula zitsulo zonenepa kotero kuti mfuti zina zinafika mapaundi 30, ndipo mfuti yolemera cotero siibwerera m'mbuyo kwambiri. Koma munthu sakadatha kuinyamula paulendo kapena kuombera ciimire. Inali mfuti ya pa mpikisano, yogoneka pa thabwa.

Ku England nkhani inayenda njira yina. Joseph Whitworth wa ku Manchester, mmisiri wa makina wodziwika ndi kuyesa zinthu mosamala, anapanga mfuti imene mphako yace inali ya mbali zisanu ndi imodzi, yopota kamodzi pa mainci 20 ali onse. Poiyesa ku Hythe m'caka ca 1857 inaposa kutali mfuti ya Enfield imene asilikari a Angelezi anali nayo. Ndipo pa 2 Julayi 1860 Mfumukazi Victoria anatsegula nayo mpikisano wa ku Wimbledon pakukoka cingwe, cipolopolo nicigwa pafupi ndithu ndi pakati pa cizindikiro ca pa mayadi 400. Boma linaikana ngakhale cotero, cifukwa mtengo wace unali waukuru, ndiponso mwaye wa wonga unaitseka msanga kotero kuti kugogodera kunabvuta.

Mandala ace anapanga ndiye David Davidson, Mskoci amene anakhala zaka zambiri msilikari ku India nasaka nyama kumeneko ndi mfuti ya galasi. Iye sanatsata bango lalitali lija. Ace anali afupi, monga mainci 14, okuza cinthu kanai. Ndipo m'malo moika pamsana, anawamanga pambali pa mfuti ku dzanja lamanzere, kutali ndi kanyundo kamene kali kulamanja. Potero anatha kuwapendeketsa kwambiri pofuna kuombera patali, zolozera zacitsulo za pamsana nizitsala poyera, ndiponso mandala anacotseka posawafuna. Njira imeneyi anailembetsa ku boma m'caka ca 1862. Ine ndiyesa kuti mwa onse amene tachula, Davidson ndiye anaganiza monga mlenje, amene adziwa kuti mfuti iyenera kunyamulidwa tsiku lonse. Koma bvuto la Peale silinamsiya iyenso. Mfuti ya Whitworth inali yopepuka, cipolopolo cace colemera, ndipo inakankha kolimba. Oombera nayo anadziwika ndi zikope zotupa ndi zakuda.

Zonsezi zinakomana pa nkhondo ya pacibale ya ku America, ya 1861 kufikira 1865, imene muzu wace unali ukapolo. A kumpoto anasonkhanitsa magulu a akatswiri oombera pansi pa Hiram Berdan. Wofuna kulowamo anayenera kulasa zipolopolo khumi m'bwalo la mainci 10 pa mayadi 200, ndipo ena anadza ndi mfuti zao zolemera za mandala atali. A kumwera, amene madooko ao anatsekedwa ndi ngalawa za nkhondo, anazembetsa mfuti za Whitworth zowerengeka cabe, zina za mandala a Davidson, nazipatsa amuna osankhika. Nchito yao inali kubisala m'mtengo kapena kuseri kwa mwala, ndi kusankha akuru a nkhondo ndi oombera mizinga. Kale msilikari anaombera khamu, osadziwa amene wamlasa. Tsopano anapenya nkhope ya munthu mmodzi, amene sanadziwa konse kuti alikupenyedwa.

Pa 9 Meyi 1864, ku Spotsylvania m'dera la Virginia, kazembe wa kumpoto John Sedgwick analikuyang'anira poika mizinga. Zipolopolo zinayamba kulira zocokera kutali, monga mayadi 1,000, ndipo anyamata ace anagwa pansi kuzilewa. Iye anawaseka, nati adaniwo sangathe kulasa ngakhale njobvu pa mtunda wotere. Cakudza siciimba ng'oma: posakhalitsa cipolopolo cinamlasa pansi pa diso lamanzere, nafa pomwepo. Ambiri amati inali mfuti ya Whitworth, ndipo itatha nkhondo amuna angapo a kumwera anadzinenera, yense kuti ndiye anaomba.

Masiku a mfuti zotere anali atatsala pang'ono. Nkhondoyo isanathe, anthu a Berdan anali atalandira kale mfuti za Sharps zolongera kumbuyo, m'caka ca 1862. Ndipo m'caka ca 1866 Angelezi anayamba kusandutsa ma Enfield ao kuti akhale olongera kumbuyo. Mfuti zakale zothira kukamwa zimene maiko aja anazitaya, zambiri zinagulidwa ndi amalonda, nizikwezedwa m'ngalawa kunka ku madooko a Africa.