Mmene Eni Mathiraki Akhala Akusakira Katundu ku America

Ku United States kuli anthu ambiri amene ali ndi thiraki imodzi yokha, ndipo amaiyendetsa okha. Chimene chimawasowetsa tulo ndi ulendo wobwerera. Thiraki yopanda katundu imamwabe dizilo ndi kutha matayala, mwiniwake osalandira kalikonse, choncho amene amadziwa kumene kuli katundu ndiye wakhala ndi mphamvu pa ntchitoyi.

Mu 1935 boma linakhazikitsa lamulo la Motor Carrier Act, limene linapatsa bungwe la Interstate Commerce Commission mphamvu zoyang'anira mathiraki odutsa malire a zigawo za dzikolo. Wonyamula katundu ankayenera kukhala ndi chiphaso cha bungweli, chimene chinkatchula misewu yoti munthu ayende komanso mtundu wa katundu woti anyamule. Wofuna chiphaso chatsopano ankayenera kuonetsa kuti anthu akufunadi ntchito yake, ndipo makampani akale anali ndi ufulu womutsutsa. Mu 1948 lamulo lina linalola makampaniwo kumagwirizana okha mitengo. Munthu wamba anatsala ndi njira ziwiri: kubwereketsa thiraki yake ku kampani yachiphaso n'kumayenda m'dzina lake, kapena kunyamula ziweto ndi zokolola zongochokera kumunda, zimene lamulo silinazikhudze. Wotenga ndiwo zamasamba ku California kupita nazo kum'mawa ankafika kumeneko alibe chilolezo chobwerera ndi katundu wa m'fakitale. Ankafunafuna kampani yoti imulembe ulendo umodzi wokha, apo ayi ankabwerera chimanjamanja. Ena ankangonyamula mozembera lamulo.

Msika weniweni unali m'malo opumirako madalaivala, omwetserako mafuta ndi kudyerako. Kumeneko munthu ankaima pa foni yoponyamo makobidi, kabuku ka manambala kali m'manja, kuimbira wina ndi wina. Pakhoma pankakhala timapepala tolemba pamanja tonena za katundu wofuna thiraki. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, madalaivala oima paokha anatseka misewu ikuluikulu pokwiya, akuuzana zochita pa mawailesi a CB, ndipo chaka chomwecho anayambitsa bungwe lawo la OOIDA, limene likulu lake lili ku Grain Valley, Missouri.

Timapepala tija ndi timene tinabala njira yamakono. Mu 1978 banja la Jubitz, eni malo opumirako mathiraki ku Portland, Oregon, linayamba kusonkhanitsa mauthenga a katundu n'kumawaonetsa pa makanema. Ntchitoyo anaitcha Dial-A-Truck, ndipo pambuyo pake inadziwika kuti DAT. Makanemawo anafalikira m'malo opumira ambiri m'dzikomo. Nthawi yake inali yabwino, chifukwa mu 1980 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lofewetsa kapezedwe ka ziphaso ndi kumasula mitengo. Pofika 1990 chiwerengero cha makampani achiphaso chinali chitawirikiza kawiri n'kupitirira. Mitengo yonyamulira inatsika, makampani akale ambiri anagwa.

Ufulu wa 1980 unapindulira kwambiri gulu lina: amkhalapakati, amene alibe thiraki koma amalumikiza mwini katundu ndi wonyamula. Fakitale yaikulu siingataye nthawi kukambirana ndi madalaivala mazanamazana mmodzimmodzi. Imapereka katundu kwa mkhalapakati pa mtengo wina, iye n'kupeza thiraki pa mtengo wotsikirapo, chotsalacho n'kukhala chake. Bungwe la Interstate Commerce Commission linathetsedwa kumapeto kwa 1995, chaka chimene kampani ya Internet Truckstop ya ku Idaho inayamba kuika katundu pa intaneti.

Kuyambira pamenepo kagwiridwe ka ntchito sikanasinthe kwenikweni. Dalaivala amaona mndandanda wosonyeza kochokera katundu, kopita, kulemera kwake ndi mtundu wa ngolo yofunika. Amaimba foni, amanenerera mtengo powerengera mailosi, kuphatikizapo amene ayende wopanda katundu kuti akafike ponyamulira. Akagwirizana, mkhalapakati amatumiza chikalata chotsimikiza mtengo. Dalaivala akatsitsa katundu, wolandira amasaina pepala la katundu, ndipo malipiro amatha kutenga masiku 30 kapena kuposa. Dizilo sadikira mwezi, choncho ambiri amagulitsa mainvoisi awo ku makampani amene amawapatsa ndalama msanga atadulapo kachigawo. Wochenjera amayang'ana kumene akupita asanavomere, popeza madera ena, monga Florida, amalandira katundu wambiri kuposa amene amatulutsa, ndipo mtengo wotulukira kumeneko umakhala wotsika.

Amkhalapakati othawa ndi malipiro anachititsa kuti chikole chimene aliyense wa iwo ayenera kuika chikwezedwe mu 2013, kuchoka pa madola 10,000 kufika pa 75,000. Chinyengo sichinathe: ena amalandira katundu ngati onyamula n'kumuperekanso ku thiraki ina mobisa, woyendetsayo osalipidwa. Makampani a mapulogalamu a pafoni analonjeza kuchotsa kunenerera konse. Uber Freight inayamba mu 2017, pamene Convoy ya ku Seattle, yoyamba mu 2015, inatseka mu 2023 katundu atachepa ndi mitengo itagwa. Malamulo amapatsa wonyamula ufulu woona ndalama zimene mkhalapakati walandira pa ulendo wake, koma mapangano ambiri amamusainitsa kuti sadzapempha zimenezo, ndipo bungwe la OOIDA linapempha boma mu 2020 kuti liletse mchitidwewu.