Momwe avr-gcc Inakulira Limodzi ndi Arduino

Nkhaniyi inayambira ku Trondheim, m'dziko la Norway, kumene ophunzira awiri, Alf-Egil Bogen ndi Vegard Wollan, anakonza kapangidwe ka chipu chimene chinadzatchedwa AVR. Kampani ya Atmel inayamba kuchigulitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Koma chipu sichimva chilankhulo cha C chimene anthu amalembera mapulogalamu. Pamafunika compiler yoti imasulire zolembedwazo kukhala manambala amene chipucho chimatsatira.

Compiler yaulere inalipo kale: GCC, imene Richard Stallman anatulutsa mu 1987. Denis Chertykov ndiye anaiphunzitsa kulembera AVR (imeneyi ndiyo avr-gcc), ndipo ena anawonjezera avr-libc, nkhokwe ya timapulogalamu tofunika tsiku ndi tsiku, komanso avrdude yolowetsera pulogalamu m'chipu. Pamene Massimo Banzi ndi anzake ankayambitsa Arduino ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, potengera ntchito ya Wiring ya Hernando Barragán, anapeza zida zonsezi zili chikonzekere. Anangozibisa kuseri kwa batani limodzi. Ambiri amene anagula bolodi la Uno, lomwe linatuluka mu 2010 ndi chipu cha ATmega328P, sanadziwe n'komwe kuti akadina batanilo akudzutsa avr-gcc.

Zinthu zinasintha kampani ya Microchip itagula Atmel mu 2016. Machipu atsopano anayamba kutuluka motsatizana, monga ATmega4809 ya mu Nano Every ya 2019, imene pulogalamu imalowa kudzera pa waya umodzi wa UPDI. Apa ndiye panali ntchito. Compiler ikhoza kudziwa malamulo onse a banja la AVR, koma chipu chilichonse chili ndi zakezake: kukula kwa memory, maadiresi a ma register, ndi kapulogalamu koyambirira kamene kamakonza zonse main() isanayambe. Zikasowa zimenezi, compiler imangokana kuti dzina la chipucho siikulidziwa.

Kumanganso zidazi kuli ndi ndondomeko yake, ngati nyumba imene sungaikhome malata makoma asanakwere: binutils poyamba, kenako gcc, pomaliza avr-libc, imene imamangidwa ndi compiler yomwe yangomangidwayo. Kuyambira GCC 5, zambiri zokhudza chipu chilichonse zinaikidwa m'mafayilo apadera a specs, zomwe zinapeputsako ntchitoyi.

Arduino inakhazikika pa avr-gcc 7.3.0 kwa zaka zambiri, ndipo sindikuiimba mlandu: compiler ikasintha, mapulogalamu akale amatha kukula n'kulephera kukwana m'chipu cha 32 KB. Komabe zimenezi zinasiyira mtolo anthu ongodzipereka. Spence Konde, mlembi wa megaTinyCore ndi DxCore, ankamanganso zidazo yekha, kuphatikizamo mafayilo atsopano a Microchip, kuti machipu ngati AVR128DA48 agwire ntchito mu Arduino IDE. Gulu la avr-libc linadzalandira machipu atsopanowa mu mtundu wa 2.2.0, mu 2024.